Galimoto ya Mkamwini Inamera Mizu

Ndinalota galimoto yanga itamera mizu.

Inali pomwe imakhala masiku onse, kuseri kwa khitchini, itakhazikika pa njerwa m'malo mwa matayala, dzuwa lili paliwombo. Ndi galimoto yofiira, yaifupi yongofika m'chiuno, yopanda denga, ya mipando iwiri basi, zija eni maesiteti ankathamangitsa Loweruka tsitsi likuuluka. Ndinaipeza m'chigafa cha fodya ku esiteti komwe ndinkayendetsa thalakitala, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo tsiku lomwe ndinasiya ntchito mwini wake anati ndiitenge, imuchokere pamaso. Ndinaikoka ndi ng'ombe zapangolo mpaka kuno kwawo kwa akazi anga, komwe ndakhala pachikamwini kuyambira tsitsi langa lili bii. Mudzi wonse unaseka tsiku limenelo. Ankati galimoto yanji yosanyamula thumba la feteleza, yosanyamula wodwala, yosanyamula ngakhale maliro. Ndinawaleka aseke, mano ndi awo. Katundu wa pakhomo pano ndamusenza ndine moyo wanga wonse, ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha chomwe ntchito yake si kusenza. Chaka ndi chaka, ndikaweruka kumunda, ndinkaipala dzimbiri, kuiwongola zitseko, kuisokera zikopa za mipando, mpaka inayamba kuoneka ngati chinthu.

Mizuyo inatuluka kunsi kwa injini, yoyera, yonenepa ngati chinangwa, n'kudutsa pakati pa njerwa kulowa m'nthaka. Ndinagwada n'kuikhudza. Inali yofunda. Ndinapsa mtima, chifukwa dzulo lake lomwelo ndinali nditasesa pansipo ndipo panalibe ngakhale kaudzu.

Ndisanadzuke ndinamva odi. Anali alamu anga a Yotamu, mlongo wawo wa akazi anga, mwini mbumba pakhomopo. Pambuyo pawo panali akuchikazi onse, ndipo amayi awiri ananyamulizana mbiya yaikulu ya thobwa. Akazi anga, Nangondo, tinawaika m'manda mvula yathayi isanagwe. M'malotomo ndinkadziwa zimenezi, ndinkadziwanso kuti tsiku londisudzula, loti andimasule ndizibwerera kwathu ku Dowa, linali lomweli.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera, kaya inu alamu."

"Tabwera kudzakusudzulani. Mwakhala nafe bwino. Mlongo wathu munamusunga bwino, munamudwazika bwino. Tsopano njira yanu ili poyera."

"Zikomo. Ndipita ndi galimoto yanga."

A Yotamu anavula chipewa n'kuwerama. Anayang'ana mizu ija nthawi yaitali, akugwedeza mutu mokhutira.

"Mwambo wa pakhomo pano mukuudziwa," anatero. "Choyenda chokha n'chanu. Chozika mizu n'cha mbumba. Nyumba munamanga ija ndi ya mbumba. Mapeyala munadzala aja ndi a mbumba. Ichi nachonso chamera."

"Iyi ndi galimoto, alamu."

"Ikatuluka yokha pa mpanda wa nkhadze uwo thobwa ili lisanathe, ndi galimoto. Ikatsala, ndi mtengo."

Mtengo! Chinthu chomwe chinandidya zikhadabo, chomwe chinandisupula zala mpaka magazi, lero a Yotamu akuchitcha mtengo. Munthu amene njinga yake ikaphwa amaikankha mpaka kumsika wa pa Lobi chifukwa sadziwa kumata chubu. Ndinkadziwanso chomwe ankaifunira, pakuti ndinawamvapo akuuza akazi awo kuti m'buti muja mukhoza kukhala khola labwino la mbira. Mawu anandidzadza m'kamwa, otentha, koma paja amati mkamwini asamakule mwendo. Ndinawameza onse n'kungoti, "Ndamva, alamu."

Akuchikazi anakhala mozungulira mbiya, chikho n'kuyamba kuyenda. Ine ndinatenga chikwanje n'kulowa pansi pa galimoto chagada. Muzu uliwonse ndikaudula unkalira mawu a hutala n'kundichuchira oyilo wakuda kumaso. Ndinadula yonse, ndinaikapo jeke, n'kupita kukatenga matayala m'nkhokwe yakale momwe ndinkawasunga. Munalibe. Nditacheuka ndinawaona: akuchikazi anali atawakhalira. Malume a akazi anga pa limodzi, azakhali pa lina, a Yotamu pa awiri osanjikiza, monga mwini mbumba.

Ndinapita chogwada, ndikuwomba m'manja, kukapempha matayala anga omwe. Tamvani zimenezo, kupempha changa chomwe! Sanakane ayi. Aliyense ankati, "Tengani, akamwini," osasuntha. Ndinkasolola tayala pansi pawo, iwo n'kupitiriza kukhala pomwepo, pa mphepo, atasanjikiza miyendo, chikho chili m'manja. A Yotamu anatsala ali pamwamba kuposa onse, ndipo zinkaoneka kuti zikuwakomera.

Ndikumanga mabawuti a tayala loyamba, sipanala inalankhula m'manja mwanga.

"Bambo, mukundipweteka. Mangani modekha."

"Thobwa likutha."

"Mayi aja ankandigwira bwino."

Sinkanama. Nangondo ankaitcha galimotoyi mkazi mnzawo. Ankati ndinatenga mitala osawauza, ndipo wachiwiriyo sadziwa kusinja, sadziwa kutunga madzi, amangodziwa kumaliza sopo. Koma bawuti likamazungulira limodzi ndi nati yake, ndi iwo amene ankasiya lichero pansi n'kudzagwira mbali inayo, akung'ung'udza mpaka litalimba. Sindinafune kukumbutsidwa zimenezo ndi chitsulo. Ndinaiuza sipanalayo kuti igwire ntchito yake, ndipo inaigwira, koma ndinkadziwa kuti yakhumudwa.

Nditatsegula boneti ndinapeza mtsinje. Unkachokera kumanzere, kudutsa pakati pa mapulagi, n'kukatsikira kumanja, wathunthu, wokhala ndi miyala yake, bango lake ndi matemba ake. Chakumtunda kwake, pafupi ndi sitata, mayi wina yemwe sindinamudziwe ankachapa. Mapulagi omwe ndinawatsuka ndi petulo sabata yathayo anali atamera ndere.

"Pepani," ndinatero, "muno ndi mu injini."

"Munandipeza," unatero mtsinje. "Ndinkadutsa pano agogo a akazi anu asanabadwe. Inu ndinu a kuti?"

Ndine wa kuti! Pakhomo pomwe chitsime ndinakumba ndine, chimbudzi ndinakumba ndine, lero ngakhale madzi akundifunsa kwathu. Mvula ikakuona litsiro sikata. Koma mtsinje sukangana nawo. Ndinatsegula chivindikiro cha lediyeta n'kuufotokozera mwaulemu kuti malo a madzi ndi umu, ndipo tikanyamuka ukaona dziko lomwe sunalionepo. Unaganiza kaye. Kenako unadzipinda n'kulowa wonse, matemba, miyala, ndi mayi wochapa uja yemwe. Ndinavindikira msanga usanasinthe maganizo, n'kupukuta mapulagi ndi malaya anga.

Lamba wa fani panalibe. Ameneyo sindinavutike kumufuna, chifukwa mbuzi ya a Yotamu inali itamangidwa naye pa mtengo wa peyala. Lamba yemwe ndinamusaka m'misika mpaka ku Lilongwe, wa muyeso wake weniweni, ali m'khosi mwa mbuzi.

"Mukandimasula ndikadya chimanga cha eni," inatero mbuziyo, "ndipo mlandu udzakhala wa mkamwini."

Ndinavula lamba wa thalauza langa n'kuimanga naye. Kuyambira pamenepo ndinagwira ntchito thalauza nditalimanga ndi luzi, akuchikazi akuonerera n'kumanong'onezana kuti mkuluyu ukalamba wamupeza.

Ndinatsuka kabuleta, ndinalumikiza mawaya, ndinathira petulo yemwe ndinkasunga m'chigubu. Nditakhala pampando kuti ndiyese mabuleki, manja anga anagwira mphepo. Chiwongolero panalibe. Chinali cha mtengo, chiwongolero chimenecho, ndipo ndinachidzoza mafuta a nsatsi mpaka munthu ankadziona nkhope. Ndinachipeza pakati pa bwalo, mbiya ya thobwa itakhazikidwa pamwamba pake kuti isagubuduke.

"Mukachichotsa mbiya sikhazikika," anatero azakhali. "Tiyenera kumwa mofulumira kuti lisatayike."

"Galimoto siyenda popanda chiwongolero, azakhali."

"Ndiye tengani, akamwini. Ife sitikaniza munthu chake."

Ndinachichotsa. Anaigwirizira mbiyayo ndi mawondo n'kuitanitsa chikho chachiwiri. Anthu omwe akapita ku ganyu amadya ngati odwala, tsiku limenelo ankamwa ngati akuthawa nkhondo. Pomwe ndinkamaliza kumanga chiwongolero, dzanja la wotunga linali likulowa m'mbiya mpaka pachigongono.

Apa m'pomwe ndinaona kuti mpando wakumanzere palibe. Panangotsala mabowo a mabawuti.

"Anatenga apongozi anu," inatero sipanala, osandiyang'ana. "Ali m'khitchini."

Apongozi anga aakazi, amayi ake a Nangondo, anamwalira kalekale, galimotoyi ndisanaipale ngakhale chitseko chimodzi. Galimoto imayenda ndi mpando umodzi, ndinkadziwa. Thobwa linkatha, ndinkadziwanso. Koma chikopa cha mpando umenewo ndinachifufuta ndekha, ndinachisoka ndekha ndi singano ya matumba, ndipo sindinafune kuwasiyira anthu amenewa ngakhale ulusi wake. Ndinapita.

Chitseko cha khitchini chinatsegukira kumsitu wa kumanda. Mafuwa anali pamalo pake, mtondo unali pamalo pake, koma makoma panalibe, panali mitengo ikuluikulu ndi mthunzi wozizira. Apongozi anali atakhala pa mpando wanga wachikopa, atandifulatira, akutongola chimanga, njere zikugwera m'misoko yanga. Nanenso ndinawafulatira, pakuti mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana nkhope, kaya ali moyo kaya anafa. Tinakhala choncho, msana ndi msana, mtondo uli pakati pathu.

"Mtondo iwe," anatero apongozi, "afunse alendowo chomwe afuna."

Alendo. Munthu amene ndinawalimira munda mpaka msana unapindika, amene ndinawafolera denga chaka ndi chaka mpaka tsiku lomwe anatuluka m'nyumbamo atanyamulidwa.

"Akuti mufuna chiyani, alendo," unatero mtondo.

"Uwauze kuti ndikupempha mpando akhalirawo."

"Akuti akupempha mpando."

"Ndamva, si ine gonthi. Afunse kuti munthu mmodzi afuniranji mipando iwiri."

Mtondo unandifunsa. Ndinati galimotoyo inabadwa ndi mipando iwiri, sindingatuluke nayo yolumala.

Apongozi anaseka, kaseko kawo kaja kotulukira m'mphuno.

"Auze atenge. Aubereke kumsana, asacheuke mpaka akaumange. Uwauzenso kuti denga la nkhokwe likudontha."

Ndinapapasa kumbuyo, ndinaugwira, ndinaubereka. Mpando umenewo ndinkaunyamula ndi dzanja limodzi, koma tsikulo unandipinda mawondo ngati thumba la chimanga. Ndinadutsa nawo pabwalo, akuchikazi n'kusiya kumwa, kukamwa kuli yasa. Mayi wina anayamba kulira, a Yotamu n'kumuletsa ndi diso. Ndinautsitsa m'galimoto maso anga ali pansi, ndinamanga mabawuti ake, ndipo lomaliza litayamba kuzungulira limodzi ndi nati, dzanja linatsika n'kugwira mbali inayo mpaka linalimba.

Anali Nangondo. Anakhala bwinobwino pampandopo, atavala chitenje chawo chakumunda ndi duku lobiriwira. Anayendetsa chala pagalasi lakutsogolo n'kuchiyang'ana.

"Fumbi ili, a Mphadwe. Mkazi mnzangayu simumusambitsa?"

Ndinkaganiza kuti ndikadzawaonanso ndidzalira. Sindinalire. Ndinakwiya.

"Munachokeranji osadikira? Ndinakuuzani kuti ikalira ndidzakutengani, tikafike kwathu ku Dowa mphepo ikukuvulani duku, abale anga akaone kuti kuno sindinabwere kudzangolima."

"Ndinadikira. Inu ndi amene munachedwa ndi sandipepa wanu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndiye mwawaona? Lizani galimoto, a Mphadwe. Mbiya aipendeketsa."

Zinali zoona. Wotunga anali atasiya kulowetsa dzanja, tsopano ankachita kutsanulira. Ndinalowa, ndinakoka chitseko, chinatsekeka ndi kaphokoso kabwino komwe ndinakavutikira dzinja lonse. Ndinapotokola kiyi. Kete. Ndinapotokolanso. Kete.

"Pepani, bambo," linatero batire kunsi kwa boneti, ndi mawu a munthu wodwala. "Mphamvu zanga zinathera ku wailesi ya alamu anu. Ankanditenga inu mukapita kumunda, kukamvera mpira."

Ndinayang'ana a Yotamu. Iwo anayang'ana kumwamba, kuona ngati kungagwe mvula.

Woyendetsa aliyense amadziwa kuti batire likafa, mankhwala ake ndi mtsetse. Umaisiya galimoto itsetsereke, n'kuika giya, n'kusiya kilatchi, injini imadzidzimuka yokha. Ndipo pakhomo pano kale panali mtsetse wabwino kwambiri, kuchokera kukhitchini mpaka kumsewu. Ndinaupeza nditangobwera kudzakwatira. Apongozi anati madzi a mvula akukokolola bwalo, ndipo mkamwini weniweni amadziwika ndi khasu. Ndinatuta dothi ndi dengu chilimwe chonse, ndinasalaza bwalolo mpaka linati see, mudzi wonse n'kumabwera kudzaona ntchito ya mnyamata wa ku Dowa. Tsopano ndinali m'galimoto yanga, pabwalo lomwe ndinasalaza ndekha, ndipo panalibe ndi pomwe dzira likanagubuduka. Ndinatukwana khasu lija mumtima, ndi dengu lomwe.

"Alamu," ndinaitana, "tandikankhaniko pang'ono chabe, mpaka pa nkhadze."

"Yokankhidwa siyenda yokha, alamu."

Onse anapinda manja. Anthu omwe ngolo zawo ndazikankha m'matope mpaka m'mawondo, omwe ndawatulutsira ng'ombe m'dambo mvula ikugwa, anakhala pa mphepo pawo paja manja ali m'khwapa. Ndinatulutsa mwendo umodzi kuti ndidzikankhe ndekha, koma galimoto sinasunthe. Nditawerama ndinaona timizu toyera, tating'ono, tikutuluka kale m'matayala n'kumafunafuna nthaka.

Nangondo anatsegula chitseko chawo.

"Mukupita kuti?"

"Kukakankha."

"Khalani pansi! Mpando umenewo ndinasokera inu. Sindinakuberekeni kuchokera kumsitu kuti mudzagwire ganyu."

Sanandimvere, ndipo pa nkhani ya ntchito sanayambe andimverapo. Anatsika, anamanga chitenje m'chiuno molimba monga ankachitira popita kukasinja, n'kuzungulira kumbuyo. A Yotamu anatsika pamwamba pawo paja n'kuimirira.

"Mlongo wanga, zimenezo n'zosaloledwa. Tanena kuti iyende yokha."

"Achimwene," anatero Nangondo modekha, "ine ndilipo kapena ndinapita?"

A Yotamu asanatsegule pakamwa, Nangondo anapitiriza.

"Ngati ndilipo, thobwali mwaphikira chiyani? Mwamuna sasudzulidwa mkazi wake alipo. Tayani lotsalalo, amuna anga abwerere m'nyumba mwawo, azidya mapeyala awo. Ngati ndinapita, ndiye kuti kumbuyo kwa galimotoyi kulibe munthu, ndipo ikasuntha yasuntha yokha. Sankhani, achimwene."

Ndinati chamumtima, anene kuti alipo. Galimoto ikhale mtengo, ibale ndi zipatso zomwe, mbira zilowe m'buti ziswane, bola munthuyu anene kuti mlongo wake alipo.

A Yotamu anayang'ana mlongo wawo, yemwe anayamwa naye bere limodzi. Kenako anayang'ana nyumba yanga ya malata, mazenera ake agalasi, khonde lake la simenti. Anayang'ana mapeyala, omwe chaka chino abereka mpaka nthambi kuthyoka. Anavala chipewa chawo n'kuchikhazika bwino.

"Ine kumbuyo kwa galimotoko sindikuonako munthu," anatero.

"Nafenso," anatero akuchikazi onse pamodzi, ngati akuvomera m'tchalitchi.

Ndakwiyapo pa moyo wanga, koma mkwiyo wa nthawi imeneyo ndinali ndisanaumvepo. Kukana mlongo wako ali chilili pamaso pako, akupuma, akukutchula achimwene, chifukwa cha malata! Ndinagwira chitseko kuti nditsike, ndikawaonetse kuti mkamwini nayenso ali ndi zibakera, ulemu wa zaka zonsezi upite komwe ukupita. Chitseko chomwe ndinachiwongola ndi manja angawa chinakana kutseguka.

"Khalani, bambo," chinatero. "Mayi agwira kale."

Nangondo sanakwiye n'komwe, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. Mawu awo anabwera kuchokera kumbuyo, omwewo ankandiitanira kuti madzi osamba afunda.

"Giya yachiwiri, a Mphadwe. Pondani kilatchi. Ndikati tsopano, musiye."

"Ikalira muthamange mudumphiremo. Chitseko chanu ndachisiya chotsegula."

"Ikalira musachotse phazi pa moto. Nthaka ino ikuifunabe."

"Mwamva zomwe ndanena?"

"Ndamva."

Timizu tija tinayamba kuduka, thu, thu, thu. Galimoto inasuntha. Choyamba pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yodzuka m'khola, kenako bwalo linayamba kuyenda pansi panga. Ndinadutsa khitchini, ndinadutsa nkhokwe, ndinadutsa mbuzi ili ndi lamba wanga m'khosi. Pagalasi loonera kumbuyo ndinkangoona duku lobiriwira litawerama ndi mapewa akugwira ntchito. Munthu amene matenda anamumaliza mpaka ndinkamutembenuza pamphasa ndi dzanja limodzi, anali kukankha galimoto yathunthu yekha, mapazi akukumba dothi lomwe ndinatuta. Kumbali, azakhali anakweza chikho chomaliza kukamwa.

"Tsopano!"

Ndinasiya kilatchi. Galimoto inadzidzimuka, inatsokomola, inatsokomolanso, inanjenjemera yonse, kenako inalira. Zaka zonsezi ndinali ndisanamvepo mawu ake. Anali akuya, ochokera m'chifuwa, ndipo nkhuku za mudzi wonse zinabalalika. Mtsinje unayamba kuzungulira mu lediyeta. Ndinaponda moto, ndipo mpanda wa nkhadze unandidutsa mbali zonse ziwiri chikho chisanatsike pakamwa pa azakhali.

"Thamangani!" ndinakuwa. "Nangondo, yalira, thamangani!"

Anali ataima pa nkhadze penipeni, pomwe bwalo limathera. Sanathamange. Sanayese n'komwe. Zikhatho zawo zinali zofiira, pakuti penti wakumbuyo anali asanaume. Anaziyang'ana, anazipukuta pachitenje, n'kundikwezera dzanja limodzi pang'ono, monga amachitira munthu amene waperekeza mlendo mpaka kumsewu. Kenako anatembenuka n'kukatola mbiya yopanda kanthu ija, chifukwa pagulu lonselo panalibe wina woti aganize zokaitsuka.

Galimoto ndinatuluka nayo. Si mtengo, ndipo onse anaona. Ikuthamanga monga anaipangira, msewu wa ku Dowa ukudzitambasula wokha kutsogolo kwanga, mphepo ikundimenya kumaso mpaka misozi kupita m'makutu. Chitseko chakumanzere chikumenyetseka, phaa, phaa, ndipo sindingachifikire. Ndikutukwana. Ndikutukwana a Yotamu ndi wailesi yawo, ndi akuchikazi onse oona malata osaona munthu. Ndikutukwananso Nangondo, inde, iwo amene, chifukwa anati amva, ndipo anamvadi, koma anachita zawo monga mwa masiku onse.

Kwinakwake tambala akulira. Ndikumva mphasa kumsana kwanga, ndipo kuwala kukulowa pazenera. Pali wina pakhomo akuti odi, odi, ndipo mawu akewo ndikuwadziwa. Aime pomwepo. Maso sinditsegula, phazi sindichotsa pa moto. Ikazima pano, wondikankha ndilibenso.